Galimoto yakale ikamaboyila: fufuzani kaye musanagule chilichonse

Okutobala akafika kuno ku Kasungu, mumsewu wa M1 simulephera kuona galimoto itaima pambali, boneti ili yasa, mwiniwake atanyamula chigubu akufunsa kumene kuli mjigo. Zambiri ndi zomwe tonse timakwera: Corolla zakale, Probox, Sienta zonyamula anthu, maminibasi a Hiace. Zinachoka ku Japan zitayenda kale, zinadzera ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, ndipo kuno zakumana ndi fumbi, katundu wolemera ndi dzuwa loswa mtengo.

Yanga inali Corolla. Chaka china ndikuchokera ku Chinkhoma, nditanyamula anthu anayi ndi matumba awiri a mtedza kubuti, ndinaona muvi wa geji ya kutentha kwa injini ukukwera pang'onopang'ono mpaka kuyandikira pofiira. Ndinaima, ndinadikira, ndinathira madzi n'kufika pa boma. Makaniko woyamba amene ndinamupeza sanafunse kanthu. Anachotsa thermostat, kachitsulo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku rediyeta, n'kundipatsa m'manja, analumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse, n'kundiuza kuti zatha. Patangopita masiku atatu inaboyilanso. Ndinagula chitsekero chatsopano cha rediyeta, kenako pampu ya madzi, ndalama zikungopita. Amene anandithandiza ndi mdala wina wa galaja ya kuseri kwa msika. Asanagwire sipana anandifunsa kuti, "Achimwene, imatentha nthawi yanji? Mukaima kapena mukamathamanga?" Nditawauza kuti ndi paulendo wautali pokha, anailiza kwa kanthawi, anaizimitsa, n'kuyendetsa chikhatho pa rediyeta kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako anagwira dzanja langa n'kuliika pakati. M'mbali munali motentha, koma pakati ponse panali pozizira ngati mtsuko. "Madzi sakudutsa apa," anatero. "Mwakhala mukuimwetsa madzi a pa mjigo."

Funso la mdalayo ndi limene lidzakupulumutsireni ndalama, ndipo tilifika. Koma tiyambe ndi pamsewu, chifukwa injini zambiri zimafera pamenepo.

Ikatentha muli paulendo

Galimoto zina, monga Vitz ndi Sienta, zilibe geji ya muvi. Zili ndi kanyali kokha: kabuluu injini ikakhala yozizira, kofiira ikatentha kwambiri. Kofiira kakayaka kapena kuphethira, nthawi yatsala yochepa. Ngati yanu ili ndi muvi, zolowerani pamene umakhala masiku onse, kawirikawiri pakati kapena pansi pang'ono, kuti ukangosuntha maso anu aone.

Ukayamba kukwera, zimitsani AC, tsegulani mawindo, yatsani hita mpaka kumapeto pamodzi ndi fani yake. M'chilimwe n'zowawa, koma hita ndi karediyeta kakang'ono ka mkati mwa dashibodi, ndipo kamachotsako kutentha pamene mukufunafuna malo oimapo. Ikani dzanja pa mpweya umene ikutulutsa. Ukakhala wotentha, madzi akadalimo ndipo akuzungulira. Ukakhala wozizira pomwe geji ili pamwamba, madzi atha kapena sakuyenda, ndiye zimitsani injini pomwepo, ngakhale kunyumba kukuoneka poteropo. Chimodzimodzinso mukaona nthunzi, kapena injini ikayamba kutha mphamvu n'kumalira ngati muli timiyala. Hedi, chigawo cha pamwamba cha injini, pa galimoto zambiri za ku Japan ndi ya aluminiyamu, ndipo kuiyendetsa yotentha kwa mphindi zochepa kumakwanira kuipinda. Muvi umene unali pofiira ukatsika wokha mwadzidzidzi, musasangalale. Nthawi zina madzi amakhala atatheratu, sensa yatsala pa mpweya.

Mukaima, chitsekero cha rediyeta musachikhudze. Madzi a m'menemo ali pa pulesha ndipo atentha kuposa a mumphika wowira. Ndinaonapo kondakitala wa minibasi atasupuka khungu kuyambira pachikhatho mpaka m'chigongono, chifukwa okwera ankamufulumizitsa kuti atsegule. Dikirani mphindi 30 kapena kuposerapo. Kenako finyani paipi yaikulu ya pamwamba ndi kansalu. Ikakhala yolimba ngati tayala la njinga, dikiranibe. Ikafewa, phimbani chitsekero ndi chiguduli chokhuthala, chipotozeni pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka, nkhope mutaitembenuzira kumbali, ndiye muchichotse.

Musakhuthulire madzi ozizira pa injini yotentha, ndipo mkati musathire mwaphuma, chifukwa chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimang'aluka. Pamsewu madzi aliwonse oyera aposa kuyenda opanda madzi, bola mukafika mukawatulutse. Werengani malita amene alowa. Ikamwa awiri kapena atatu, penapake pakudontha. Ngati inali yodzaza koma inatenthabe, vuto lili pa kayendedwe ka madzi kapena ka mphepo.

Ulendo wa madzi

Pampu, imene pa galimoto zambiri imazunguzidwa ndi lamba, imakankha madzi kudutsa m'tinjira ta mkati mwa injini ndi hedi. Injini ikadali yozizira, thermostat imatseka njira ya ku rediyeta kuti itenthe msanga. Madzi akafika pa madigiri olembedwa pa thermostat, pa Toyota zambiri 82, imatseguka. Madzi otentha amadutsa m'timachubu topyapyala ta rediyeta, mphepo n'kuwaziziritsa. Mukamathamanga mphepoyo imabwera yokha, mukaima imakokedwa ndi fani.

Chitsekero ambiri amachiona ngati chivundikiro wamba. Kasungu ali pamalo okwera mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, choncho madzi a mumphika kuno amawira pa madigiri pafupifupi 96, pomwe injini yabwinobwino imagwira ntchito pakati pa madigiri 85 ndi 100. Choletsa madzi kuwira ndi chitsekerocho. Chili ndi sipiling'i yosunga pulesha ya 0.9 kapena 1.1 bar, monga zalembedwa pamwamba pake, ndipo pa pulesha imeneyo madzi sawira mpaka atadutsa madigiri 115. Akatentha n'kufufuma, chimawalola kupita m'kabotolo ka pambali. Injini ikazizira amayamwidwa kubwerera. Chitsekero chikatopa, galimoto yopanda vuto lina lililonse imatha kuboyila pachitunda.

M'mawa, injini ili yozizira

Kufufuza kwenikweni kumayamba m'mawa musanailize, ndipo sikulira ndalama. Madzulo ake yalani katoni pansi pa injini kuti muone pamene padontha.

Tsegulani rediyeta yeniyeniyo ngati ili ndi chitsekero chake, musadalire kabotolo kokha. Kabotolo kamatha kukhala kodzaza pomwe rediyeta ili theka, makamaka kapaipi kake kakang'ambika kapena chitsekero chikalephera kuyamwa. Madzi azifika m'khosi. Onani mtundu wake. Ofiirira ngati a mumtsinje wa Bua mvula itagwa akusonyeza dzimbiri. Pakhosi pakakhala zoyerayera zouma ngati za m'ketulo yakale, ndi mchere wa madzi a pa mjigo, ndipo dziwani kuti m'timachubu mulinso zomwezo. Mafuta akamayandama pamwamba, nkhani ndi yaikulu. Tiikamba pa gasiketi.

Tembenuzani chitsekero muone mphira wake. Akakhala wosweka, wouma kapena wofufuma, kapena sipiling'i ikakhala yofooka mukaikanikiza ndi chala, gulani china cha nambala yomweyo. Musaike cha pulesha yaikulu poganiza kuti chizizira bwino. Rediyeta yakale ndi mapaipi otopa zimaphulika nacho.

Tsopano tsatirani madzi ndi maso ndi zala. Rediyeta za galimoto zambiri za ku Japan zili ndi pulasitiki pamwamba ndi pansi, ndipo ikakalamba imasintha kuchoka pa yakuda kukhala yofiirira n'kuyamba ming'alu yopyapyala ngati tsitsi, makamaka pafupi ndi khosi ndi pamene pulasitiki imakumana ndi chitsulo. Coolant, mankhwala amadzi othira m'rediyeta aja, akadontha n'kuuma amasiya chizindikiro choyera, chapinki kapena chobiriwira, funafunani chimenecho. Finyani mapaipi onse, aakulu awiri ndi ang'onoang'ono opita ku hita. Yofewa ngati nthochi yakupsa, yofufuma pafupi ndi chomangira, kapena youma n'kumalira mukaifinya, yatha ntchito. Pa pampu ya madzi pali kabowo kakang'ono pansi pake. Pakakhala ponyowa kapena pali mzere wa zouma, pampu ikudontha. Gwedezani pule yake, isamagwedere. Lamba akhale wokoka bwino, wosang'ambika, wosanyezimira. Lowaninso mkati mugwire kapeti wa kumapazi kutsogolo. Akakhala wonyowa ndi fungo lotsekemera, hita ikudontha.

Mukasowa podonthera koma madzi akuchepabe, magalaja ena ali ndi kapampu kamanja kopopera pulesha m'rediyeta injini ili yozizira. Muvi wake ukamatsika, dontho limaonekera. Ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kugula zipangizo mongoyerekeza.

Musaiwale kutsogolo. Amene timayenda misewu ya fumbi ya ku Chamama kapena kulowa m'maesiteti a fodya timasonkhanitsa zambiri pamenepo: njere za udzu, ziwala, timapepala, matope ouma. Pa galimoto ya AC pali kondensa, karediyeta ka AC, kutsogolo kwa rediyeta, ndipo pakati pa ziwirizi pamaunjikana zinyalala zosaoneka kunja, zolukana ngati chisa cha mbalame. Walitsani tochi kuchokera mbali ya injini. Kuwala kukapanda kudutsa, mphepo nayonso sikudutsa. Tsukani ndi madzi a paipi kuchokera mkati kupita kunja. Makina amphamvu a kokatsukitsa galimoto amapinda timapepala ta rediyeta, choncho auzeni anyamata asayandikitse. Pomaliza onani oyilo, chifukwa nayenso amachotsa kutentha, ndipo akachepa injini imatentha.

Imatentha nthawi yanji?

Zonsezi zikakhala bwino, bwererani ku funso la mdala uja, ndipo muliyankhe mosamala.

Ngati imatentha mukaima, pamzere wa mafuta kapena pa depoti podikira anthu, koma muvi n'kutsika mukangolowa mumsewu, ganizirani fani. Ilizeni pamalo amodzi muziyang'ana. Fani ya magetsi iyenera kuyamba yokha madzi akafika chakuma 95, muvi usanadutse pamalo ake a masiku onse. Pa galimoto zambiri, mukayatsa AC fani imayambanso nthawi yomweyo, ndipo iyi ndi njira yachangu yoonera ngati mota ili moyo. Ikapanda kuzungulira, yambani ndi fiyuzi m'kabokosi ka pafupi ndi batire, kenako relay, swichi yaing'ono yoyatsa fani, imene mungaisinthanitse ndi inzake yofanana nayo. Zikakanika, chotsani pulagi ya fani muilumikize ndi mawaya awiri molunjika ku batire. Ikazungulira, mota ilibe mlandu, vuto lili pa sensa kapena mawaya. Ikangoti zii, kapena ikamayamba pokhapokha mutaigogoda, mota yatha. Zala ndi malaya zikhale kutali, chifukwa fani ya magetsi imayamba yokha mosachenjeza. Ngati wina anagwirapo mawaya ake, onetsetsani kuti ikukokera mphepo ku injini. Mawaya akatembenuzidwa imazungulira chobwerera n'kumalimbana ndi mphepo ya mumsewu.

Hiace ndi Hilux zakale zili ndi fani yozunguzidwa ndi lamba, yokhala ndi kilatchi ya mafuta pakati. Injini itatentha, izimitseni mukankhe fani ndi dzanja. Iyenera kulimbako n'kuima msanga. Ikangozungulira yokha ngati gudumu la njinga, kilatchi yafa, ndipo fani imeneyo ingaoneke ikuzungulira koma mphepo siikoka. Chipulasitiki chozungulira fani chikathyoka, amakaniko ena amangochitaya, koma ndi chimene chimachititsa kuti mphepo idutse m'rediyeta m'malo mozembera m'mbali.

Ngati m'tauni ili bwinobwino koma imatentha mukamathamanga mtunda wautali kapena pokwera, monga pochokera ku Nkhotakota kudzera m'nkhalango muja, fani isiyeni. Pamenepo mphepo ndi yambiri kale; chikuchepa ndi madzi odutsa. Woyamba kumukayikira ndi rediyeta yotsekeka. Chitani zimene anachita mdala uja: injini itatentha, izimitseni, chotsani kiyi ndi pulagi ya fani, muyendetse chikhatho mosamala pamene mungafikire. Kutentha kuzichepa pang'onopang'ono kuchokera kolowera madzi kupita kotulukira. Malo ozizira pakati ndi timachubu totsekeka. Mankhwala otsukira amachotsa dzimbiri lochepa, koma mchere wouma wa zaka zambiri sautha. Rediyeta yamkuwa amaimasula n'kutokosa kachubu kalikonse. Ya pulasitiki ikaimasulidwa kawirikawiri imayamba kudontha pamsoko, ndiye ine ndimati bola kugula ina. Onaninso paipi ya pansi wina akuponda mafuta. Ikakhala yofewa imaphwatalala chifukwa pampu ikuyamwa mwamphamvu, madzi n'kutsekeka. Pampu nayo imatha kuoneka yabwino kunja pomwe mapiko ake a mkati anadyedwa ndi dzimbiri. Chizindikiro chake ndi hita yosatentha bwino, ndiponso madzi osayenda mukasuzumira pakhosi la rediyeta thermostat itatseguka. Kusuzumira kumeneku kumachitika pokhapokha chitsekero munachichotsa injini ikadali yozizira.

Ngati imatentha msanga, mphindi 10 kapena 15 mutangonyamuka m'mawa, gwirani mapaipi awiri aakulu. Ina ikakhala yotentha kwambiri, inzake yozizira, rediyeta nayo yozizira pomwe geji ili pamwamba, thermostat yakanirira chotseka, kapena muli mpweya wotsekereza, makamaka ngati madzi anatulutsidwa posachedwa.

Ikamalira chubwichubwi mukangoizimitsa, kabotolo n'kusefukira, yambani ndi chitsekero. Ndipo ngati zonse zili bwino koma ikutenthabe, onani zina zoilemetsa: mabuleki ogwira, amene mudzawadziwa ndi limu lotentha kuposa anzake, taimingi yosokonekera, ekisozi yotsekeka, kapena katundu woposa msinkhu wake. Nthawi zina geji ndiyo imanama chifukwa cha sensa kapena waya wa ethi. Makaniko wa kompyuta yoyezera angakuuzeni madigiri enieni.

Za thermostat

Apa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa chizolowezi chochotsa thermostat chazika mizu. Amati kachitsulo kameneka ndi ka kumayiko ozizira. Ayi ndithu. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito pa kutentha kwake, kaya ndi ku Japan kaya ndi ku Nkhamenya. Yopanda thermostat imachedwa kutentha, makamaka m'mawa wa mu Juni, ndipo kompyuta ikaona kuti injini ndi yozizira imawonjezera petulo. Mafuta amatha msanga, mapulagi amada, oyilo amasungunuka ndi petulo, injini n'kumadyeka mkati. Komanso pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatseka kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini. Mukaichotsa kanjirako kamakhala kotsegula, madzi ena amangozungulira momwemo osapita ku rediyeta, ndipo galimoto imatha kutentha kuposa kale. Choipitsitsa n'chakuti vuto lenileni limabisika kwa kanthawi, monga zinachitikira ndi yanga.

Kuiyesa n'kosavuta. Imangireni kawaya muilendeweretse mumpoto wa madzi pa mbaula, isakhudze pansi. Madzi asanawire iyenera kuyamba kutseguka, ndipo akamafika powira ikhale itatseguka mamilimita 8 kapena 10. Mukaitulutsa itsekeke yokha ikamazizira. Ikalephera chimodzi mwa izi, gulani ina ya nambala yomweyo pamodzi ndi mphira wake. Poika, kabowo kakang'ono kokhala ndi kachitsulo kogwedera kakhale pamwamba, chifukwa mpweya umatulukira pamenepo. Kuyenda popanda thermostat n'kololeka pongofuna kufika kunyumba ikakanirira pamsewu, osati kwa miyezi.

Fani yolumikizidwa kuti izizungulira nthawi zonse ndi chimodzimodzi: imakufikitsani, koma mota yake imatha msanga. Konzani sensa kapena relay.

Ngati ndi gasiketi

Gasiketi ya hedi imalekanitsa moto, madzi ndi oyilo. Ikapsa, zizindikiro zimadalira pamene yapsera. Chotsani chitsekero injini ili yozizira, dzazani madzi mpaka m'khosi, ilizeni. Tithovu tochepa poyamba ndi mpweya wotsalira. Koma thovu likamatuluka mosalekeza, n'kuchuluka mukaponda mafuta, kapena madzi akamatumphuka injini isanatenthe n'komwe, utsi wa m'silinda ukulowa m'madzi. Paipi ya pamwamba ikamalimba gwa patangopita mphindi imodzi kapena ziwiri mutailiza m'mawa, ndi nkhani yomweyo. Zina ndi utsi woyera wokhuthala wa fungo lotsekemera umene sutha injini itatentha, injini yonjenjemera poyamba m'mawa kenako n'kukhazikika, madzi ochepa tsiku ndi tsiku popanda dontho pansi, ndi oyilo wosanduka ngati tiyi wamkaka. Nthunzi yopyapyala ya m'mawa wozizira isakuopseni, ndipo tizoyera tochepa pansi pa chitsekero cha oyilo timapezekanso pa galimoto yoyenda maulendo afupiafupi. Komanso oyilo woyera bwino sakutsimikizira kuti gasiketi ili bwino. Pa galimoto ya otomatiki, mafuta a m'madzi amathanso kuchokera ku giyabokosi, chifukwa kapaipi koziziritsira oyilo wake kamadutsa mkati mwa rediyeta. Onaninso oyilo wa giya.

Musalole kuti hedi imasulidwe mongoganizira. Pali kachipangizo ka madzi abuluu kamene amakaika pakhosi la rediyeta. Utsi ukakhalamo madziwo amasanduka achikasu. Pali kuyezanso kompuleshoni ya silinda iliyonse. Zikatsimikizika, hedi ipite kwa a makina akaiyeze ngati yapindika kapena kung'aluka, aisikime, kutanthauza kuipala kuti isalale, ngati kuli kofunika, ndipo pobwezera mabawuti amangidwe ndi sipana yoyezera mphamvu, motsatira ndondomeko yake, osati ndi paipi yowonjezera pa sipana. Chachikulu, funsani chimene chinapsereza gasiketiyo. Kawirikawiri imapsa chifukwa injini inatentha kaye. Mukaika yatsopano rediyeta ikadali yotsekeka, mudzalipira kawiri.

Ena amathira dzira, sopo kapena fodya wopera m'rediyeta kuti atseke dontho. Ndikumvetsa munthu amene zamugwera usiku kutali ndi kwawo. Koma zimene zimatseka kabowo zimatsekanso timachubu ndi hita, ndiye mukafika tsukani zonse n'kukonza podonthapo.

Madzi oyenera ndi kutulutsa mpweya

Ambiri amaganiza kuti coolant ndi woletsa madzi kuundana basi, ndiye kuno alibe ntchito. Ntchito yake yaikulu kwa ife ndi kuteteza aluminiyamu ndi chitsulo ku dzimbiri, ndiponso kukweza madigiri owirira madzi. Werengani pabotolo. Wosakaniza kale musamuthirenso madzi. Wokhuthala asakanizidwe theka ndi theka. Madzi osakanizira akhale otchezedwa, omwe aja owonjezera m'batire, koma samalani kuti asakupatseni asidi. Akasowa, madzi a mvula osefa bwino aposa a pa mjigo. Musasakanize mitundu. Toyota zambiri zimabwera ndi wofiira kapena wapinki, ndipo ngati simukudziwa amene alimo, tulutsani yense, tsukani, muyambe mwatsopano. Coolant wamba asinthidwe pakatha zaka ziwiri. Ndi wotsekemera koma ndi poizoni: musamusiye m'beseni pamene ana, agalu kapena nkhuku zingamwe, musamusunge m'botolo la zakumwa, ndipo musamutaye pafupi ndi chitsime.

Potsuka, injini ikhale yozizira. Tsegulani kabawuti ka pansi pa rediyeta kapena masulani paipi ya pansi, tulutsani zonse, dzazani madzi oyera, ilizeni mpaka itenthe hita ili yotsegula, dikirani izizire, tulutsaninso. Bwerezani mpaka madzi azituluka oyera. Kabotolo ka pambali nakonso kachotseni mukatsuke.

Podzaza komaliza ndi pamene ambiri amalakwitsa, galimoto n'kuboyila itangochoka pa galaja. Imikani galimoto kutsogolo kutakwera pang'ono, hita ikhale pa kutentha kwambiri, thirani pang'onopang'ono mpaka m'khosi. Ngati injini yanu ili ndi kabawuti kotulutsira mpweya, katseguleni mpaka patuluke madzi okhaokha. Ilizeni chitsekero chili chochotsa, muzifinya mapaipi aakulu. Thermostat ikatseguka madzi amatsika mwadzidzidzi, onjezerani. Pitirizani mpaka thovu litatha, hita ikutulutsa mpweya wotentha, mapaipi onse awiri atentha. Tsekani, dzazani kabotolo mpaka pamzere wa pamwamba, mudikire fani iyambe n'kuzima yokha kawiri.

Kenako iyeseni pamene inkatenthera. Ngati inali ya pamzere wa mafuta, iimikeni ikulira kwa mphindi 20 masana. Ngati inali ya mtunda wautali, pitani nayo ku Chinkhoma n'kubwerera ndi katundu wa masiku onse, chigubu cha malita 5 ndi chiguduli zili kubuti. Lembani kamzere ndi cholembera pa kabotolo injini ili yozizira, ndipo m'mawa uliwonse kwa sabata imodzi muziona musanailize. Tsiku loyamba madzi angatsike pang'ono chifukwa cha mpweya wotsalira. Akamatsikabe pofika tsiku lachitatu, yalaninso katoni uja pansi.